Mipata Isanu ndi Inayi m'Buku la Monitala

1. Lamulo ndi zochitika

Pasukulupo panali lamulo limene ngakhale mwana wogona m'kalasi ankalidziwa. Kalasi iliyonse inali ndi buku la monitala. Mphunzitsi akamaliza kuphunzitsa ankalemba m'bukumo zimene waphunzitsa n'kusayina. Akapanda kubwera, monitala ankayenera kulemba liwu limodzi pampatapo: Sanabwere. Lachisanu lomaliza la mwezi, mabuku onse ankapita ku ofesi ya achiwiri kwa ahedi.

Lamulo linali limenelo, koma zochitika zinali zina. Panalibe monitala amene analembapo liwu limenelo chiyambire. Ankangosiya mpata. Tsiku lopereka likafika, nthawi yopuma, ankanyamula mabuku kupita nawo kuchipinda cha aphunzitsi, ndipo aliyense ankadzaza mipata yake mothamanga, kapu ya tiyi ili kudzanja linalo. Pofika ku ofesi, mabukuwo ankaonetsa kuti sukulu yonse yaphunzira mpaka kukhuta. Aliyense ankadziwa kuti ndi bodza, ndipo palibe ankachita nalo manyazi.

Monitala wa Fomu 4B anali mtsikana wamtali, woonda, amene anzake anamutcha Kawaya. Dzinalo linamukakamira moti ngakhale aphunzitsi ankamuitana choncho. Lachisanu limeneli Kawaya anadzuka mtima uli m'mwamba. M'buku mwake munali mipata isanu ndi itatu ya masamu, ndipo mphunzitsi wa masamu anali malume ake enieni, mlongo wa amayi ake.

Malumewo ndiwo ankamusunga kuyambira Fomu 1, chifukwa kumene kunkakhala amayi ake kunalibe sekondale. Ana ankawatcha a Ngodya, poti kale sankatha mphindi zisanu osajambula ngodya pabolodi, pakhoma, ngakhale pansi ndi chala cha nsapato. Anali mphunzitsi woti ana a makalasi ena ankadzaima pawindo kuti amve nawo.

Zonsezo zinatha mwezi wapitawo. A Ngodya anatulutsa mnyamata wina m'kalasi chifukwa chosewera ndi foni. M'mawa mwake bambo a mnyamatayo analowa m'kalasi osagogoda, n'kuwagwira pakhosi ana onse akuona. Ahedi, poopa phokoso, anauza a Ngodya kuti apepese kholo lija. Anapepesadi. Kuyambira tsiku limenelo ankabwerabe kusukulu, tayi ali pakhosi, koma mu 4B sanapondemonso.

Tsopano mayeso a boma anali atatsala milungu isanu ndi iwiri, ndipo Lolemba kunkabwera oyendera sukulu kudzaona mabuku a mamonitala.

2. Mawu a azakhali

Kawaya atatuluka m'chipinda anapeza malume atapita kale. Akazi awo, amene iye ankawatchula azakhali, anali akusita zovala patebulo ndi simbi ya makala, poti magetsi anali atazimanso.

"Khala apo," anatero osakweza mutu. "Ndamva kuti Lolemba kukubwera oyendera sukulu. Ndikunama?"

"Simukunama, azakhali."

"Ndiye tamvera, mwana iwe, ndipo umve ndi makutu onse awiri. Malume akowa sali bwino. Iwe ukuwaona akuyenda, akudya, n'kumati ali moyo. Ine amene ndimagona nawo chipinda chimodzi ndikudziwa kuti munthu uyu anathyoka m'kati. Zaka makumi awiri ndi zitatu ali ndi choko m'manja, zala zinachita kung'aluka nacho. Lero akakwera minibasi, kondakitala amene anamuphunzitsa okha amawauza kuti, 'Sunthani madala.' Ndiye pabwere munthu wochokera mumsewu adzawagwire pakhosi ngati wakuba, iwo n'kupepesanso. Iwe ukanakhala iweyo, ukanabwereramo m'kalasi imeneyo?"

Kawaya anayang'ana pansi. Phazi lake linkangogunda mwendo wa tebulo.

"Siya kugwedeza tebulo. Sindikukukumbutsa zimene timakuchitira ayi, si khalidwe langa. Koma udziwe kuti denga ili laima pa ntchito ya munthu ameneyu. Oyendera sukulu alibe chisoni. Akaona mipata salinso ndi nthawi yofunsa chifukwa. Akawalembera kalata yoipa, akawatsitsa kapena kuwataya kutali, tonse pano tibalalika, ndipo sukulu yako ithera pomwepo. Nkhani za m'nyumba sizipita ku ofesi. Lero utenge buku lakolo, ukawapatse, asayine, basi. Anzako onse amachita choncho. Iwe sungakhale woyera kuposa sukulu yonse. Wandimva?"

"Ndamva, azakhali."

Anatuluka tiyi osamaliza. Njira yonse chikwama chinkamulemera ngati wanyamula njerwa, ndipo pamphambano anangotsala pang'ono kugundidwa ndi njinga yamoto.

3. Chipinda cha madesiki othyoka

Masamu anali phunziro lachiwiri tsiku limenelo. Belu linalira, ndipo pakhomo sipanaoneke munthu.

Mu 4B munali ana oposa zana limodzi. Ankakhala anayi padesiki, ena pansi, ena pamawindo opanda magalasi. Kuseri kwa mpanda kunali msewu waukulu, choncho mahutala a minibasi ndi makina a wowotcherera zitsulo zinali ngati mbali ya phunziro. Mphunzitsi akasowa, kalasiyo inkasanduka msika. Ena ankalukana tsitsi, ena ankaponyerana mapepala, ena ankatulukira pawindo osabwereranso.

Mnzake wa Kawaya wa desiki limodzi, mtsikana wolongolola amene ankamutcha Wailesi, anakwera kutsogolo, n'kukoka siketi m'mwamba ngati thalauza, n'kuyamba kuyenda ngati a Ngodya.

"Ana inu, dziko lonse ndi ngodya," anatero ndi mawu okhuthala. "Mphuno yako, iwe wakumbuyo, ndi madigiri angati?"

Kalasi inafa nako kuseka. Koma Wailesi atabwerera pamalo pake nkhope inali itasintha. Anatulutsa pepala la mayeso a chaka chatha, lopindikapindika, n'kuliika pamaso pa Kawaya.

"Taona. Funso lachinayi, lachisanu ndi chiwiri, lakhumi. Zonsezi sitinaphunzire. Ine ndimaseka, koma ndikafika kunyumba chakudya sichilowa. Amayi anga amadzuka mbandakucha kukasesa maofesi a anthu, akuganiza kuti ndili kuno ndikuphunzira. Milungu isanu ndi iwiri, Kawaya. Si malume ako amenewa? Kawaitane."

Kawaya anaimirira. Ankadziwa kumene anali. Kuseri kwa makalasi kunali chipinda chosungiramo madesiki othyoka, chonunkha fumbi ndi mileme. A Ngodya anali atakhala pa desiki lopanda nsana, atawerama, akulemba pa katoni yong'ambika. Kawaya atasuzumira anaona kuti akusova masamu, okha, mzere ndi mzere, mwaukhondo ngati akulembera munthu.

"Aphunzitsi, nthawi yanu yakwana," anatero ali pakhomo. Kusukulu sankaloledwa kunena kuti malume.

"Ndalimva belu. Sindine gonthi."

"Anzanga akuti ndikuitaneni."

A Ngodya anaika cholembera pansi.

"Anzako. Ukudziwa chimene ndimaona ndikayandikira chitseko chija? Ndimaona nkhope zana zimene zinandionerera nditagwidwa pakhosi. Palibe ndi mmodzi yemwe anatsegula pakamwa. Ena anatulutsa mafoni n'kumajambula. Pofika madzulo, ngakhale wogulitsa makala kwathu kuja anali ataonera kanemayo. Ine ndaphunzitsa popanda mabuku. Ndaphunzitsa mvula ikudontha pamutu, choko ndikuchita kuchidula pakati kuti chifike Lachisanu. Sindinadandaule, chifukwa ndinkati ulemu wokha ndili nawo. Tsono ulemuwo atandivula pamaso pa ana, akuluakulu anga anati ndipepese. M'mawa uliwonse ndimanyamuka kuti lero ndilowa. Ndikafika pakona paja miyendo imakana. Ndikukuuza ngati mwana wanga, ntchito iyi usadzailowe. Imamudya munthu mpaka kutsala malaya okha."

Kawaya anamva chisoni chachikulu, komanso mkwiyo, zonse pamodzi.

"Ine sindinajambule," anatero. "Wailesi sanajambule. Ambiri tinkangoopa."

"Ndikudziwa."

"Nanga tikalemba chiyani pamayeso?"

A Ngodya anatolanso cholembera n'kubwerera pa katoni yawo. "Nthawi yopuma ubwere nalo bukulo kuchipinda cha aphunzitsi, monga mwa nthawi zonse. Pita."

4. Liwu limene panalibe analilembapo

Kawaya atabwerera, kalasi yonse inatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwake, ngati pali wina akumutsatira. Ataona kuti ali yekha, phokoso linayambiranso. Wailesi anangopinda pepala lake lija n'kulibweza m'thumba.

Kawaya analephera kukhazikika. Anakhala, anaimirira, anapita kumpopi ngakhale ankadziwa kuti ndi wouma, n'kubwerera. Anatsegula buku, analitseka, analitsegulanso. Mipata tsopano inali isanu ndi inayi. Mawu a azakhali ankamulira m'makutu, ndipo pambali pake Wailesi anali atagoneka mutu padesiki, chete, zimene sizinkachitika.

Kutatsala pang'ono kuti belu lopumira lilire, anatenga cholembera cha inki. Pampata woyamba analemba kuti Sanabwere. Anatembenuza tsamba n'kulembanso. Anapitiriza choncho mpaka mipata yonse inatha.

Wailesi anadzutsa mutu, anawerenga, n'kumugwira mkono.

"Iwe, wapenga? Ine ndinati ukawaitane, sindinati uwapachike. Ukagona kuti lero?"

"Sindikudziwa," anayankha Kawaya.

M'chipinda cha aphunzitsi munali chipwirikiti cha mwezi ndi mwezi. Mamonitala anali atandanda kukhoma, mabuku akuyenda dzanja ndi dzanja. Mphunzitsi wina ankafunsa mnzake kuti, "Kodi Lachiwiri lapitali ndinaphunzitsa chiyani?" Mnzakeyo anati, "Lembani kubwereza, palibe amatsutsa kubwereza." Onse anaseka. Wina ankadandaula kuti shuga watha, wina ankawerengera anzake zaka zimene zamutsalira kuti apume pantchito.

Buku la 4B linafika m'manja mwa mphunzitsi wa mbiri yakale, bambo wonenepa wokonda nthabwala. Anatsegula, anayang'anitsitsa, n'kuimba kaluzu.

"Abale, bwerani mudzaone. Tili ndi woyendera sukulu wathuwathu, wovala yunifolomu." Anakankhira bukulo kwa a Ngodya. "Achimwene, mwana uyu mumamudyetsa chiyani kunyumba?"

Ena anaseka, koma kusekako kunazima msanga. A Ngodya anatembenuza masamba limodzi limodzi, cholembera chili m'manja, chopanda poti chilembe. Sanamuyang'ane Kawaya. Mtsikanayo anaima pakati pa chipinda manja ali kumbuyo, akulakalaka nthaka itang'ambika.

"Ling'ambeni tsambalo," anatero mphunzitsi wina. "Akopere kwina."

"Masamba a buku limenelo ali ndi manambala," anatero mawu ochokera pakhomo.

Anali amayi achiwiri kwa ahedi, munthu wa imvi, woyenda pang'onopang'ono chifukwa cha mawondo. Anatenga bukulo m'manja mwa a Ngodya, anavala magalasi, n'kuwerenga.

"Mamonitala enanu tulukani. Iwe tsala," anatero. Chitseko chitatsekedwa anatembenukira kwa Kawaya.

"Mwana iwe, chimene wachitachi si chaching'ono, ndipo sindikunamiza kuti chikuyendera bwino. Palibe akuombere m'manja. Ena muno sakuyankhanso moni. Usayende ndi mapewa m'mwamba ngati wapambana mpikisano, chifukwa munthu amene wamulembayu waphunzitsa madokotala iwe usanabadwe. Koma usabwererenso m'mbuyo. Mawa wina akakuuza kuti unene kuti unalakwitsa masiku, kapena kuti unalemba uli wokwiya, usavomere. Ukangovomera, ndiye kuti wawapweteka malume ako pachabe, ndipo anzako atsala pomwe anali. Ine ndakhala ndikulandira mabuku awa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndimadziwa kuti ndi abodza, ndimadinda chidindo, n'kuwaika m'kabati. Ndinatopa ngati mmene atopera onsewa. Lero ndachita manyazi kuti wandikumbutsa ntchito yanga ndi mwana wa Fomu 4."

Kenako anayang'ana a Ngodya, mawu awo n'kutsika.

"Aphunzitsi, tinakulakwirani. Tsiku munkapepesa lija ine ndinali pomwepo, ndipo ndinakhala chete. Zimenezo ndikazinena Lolemba pamaso pa oyendera sukulu, ahedi akonde asakonde. Koma bukuli likaonekanso mmene lililimu. Sindilibisa. Ndipo mundilole ndinene ichi: ana aja sindiwo anakugwirani pakhosi."

A Ngodya anaimirira, anakankhira mpando m'malo mwake, n'kutuluka.

5. Phunziro lomaliza

Maola otsatirawo anali aatali ngati mlungu. Nkhani inali itafalikira kale sukulu yonse. Ana a makalasi ena ankadzasuzumira pawindo kuti amuone Kawaya. Mphunzitsi wa mbiri yakale anabwera nthawi yake yeniyeni, koyamba mwezi umenewo, n'kuphunzitsa mokwiya, akuyang'ana wotchi. Potuluka anati, "Mwandiona, amonitala? Ndabweratu."

Phunziro lomaliza la Lachisanu linali loti ana aziwerenga okha, ndiye kuti nthawi yothawa. Ambiri anali atakoleka kale zikwama pamene phokoso linazima kuyambira kukhomo mpaka kumbuyo.

A Ngodya anali ataima pakhomo. Anaima pamenepo nthawi yaitali, dzanja limodzi litagwira felemu ya chitseko, thukuta likutsika m'khosi. Kenako anaponda m'kati.

Ana anaimirira onse nthawi imodzi, madesiki akukhulana pansi. Moni wawo unamveka mpaka kumsewu.

"Khalani," anatero. "Amene ali ndi pepala la mayeso a chaka chatha alibweretse."

Wailesi anathamanga nalo, n'kupunthwa pa miyendo ya anzake okhala pansi. A Ngodya analitambasula, anatulutsa kachidutswa ka choko m'thumba la malaya, n'kutembenukira kubolodi. Mzere woyamba unapindika. Anaufufuta ndi chikhatho n'kujambulanso, ndipo wachiwiriwo unawongoka ngati wa rula.

Poyamba ankalankhula ndi bolodi. Patapita mphindi khumi anayamba kutembenuka. Pofika funso lachisanu ndi chiwiri anali akuyenda pakati pa madesiki, akudumpha miyendo ya ana, akugogoda mitu ya ogona ndi chala. Mnyamata wina atayankha zokhota, a Ngodya anati, "Iwe, yankho limeneli walitola kumsika uti?" Kalasi inaseka, ndipo iwonso pakamwa panagwedezeka pang'ono.

Belu loweruka linalira. Palibe anasuntha. Anapitiriza mpaka choko chinatha, n'kumalizira funso lakhumi ndi chala chonyowetsa pa bolodi lafumbi. Kawaya analemba zonse, misozi ikugwera pakope, ndipo sanadziwe ngati ndi ya chimwemwe kapena ya mantha. Nthawi yonseyo malume ake sanayang'ane kumene anakhala ngakhale kamodzi.

Potuluka anaima pakhonde n'kumukodola. Kawaya anawatsatira.

"Uwauze anzako kuti Lolemba aliyense abwere ndi rula," anatero akupukuta manja ndi kansalu. "Ndiphunzitsa masiku onse otsalawa, oyendera sukulu andilembere chimene angandilembere. Loweruka linalo tidzakumananso m'mawa. Tatsalira kwambiri."

"Zikomo, malume." Liwulo linamupulumuka.

"Usandithokoze. Zimene unalembazo ndi zoona, ndipo sindikuuza kuti uzifufute." Anapinda kansaluko n'kukaika m'thumba. "Koma ukanatha kundiuza uli pakhomo paja kuti ndi zimene ukukachita. Unandisiya ndikazionere pamaso pa anzanga. Ndagwidwa pakhosi kawiri tsopano, ndipo kachiwirika ndi mwana wa m'nyumba mwanga."

A Ngodya anayang'ana kuchipata n'kupitiriza.

"Ndawaimbira foni amayi ako. Afika mawa ndi basi yoyamba. Ukafika kunyumba uyambe kulongedza zovala zako."

"Nanga mayeso, malume?"

"Zimenezo ukawafunse amayi ako akafika."

Anatsika masitepe n'kulunjika kuchipata, msana uli woyera ndi fumbi la choko. M'kalasi ana anali akukanganabe za funso lakhumi, ndipo Wailesi ankaitana Kawaya pawindo, akumwetulira, kuti abwere adzaone kuti walipeza yankho.